Andisankha kukaphunzira makina olosera ogula

Mayi aang'ono okondedwa,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino kumeneko. Kuno tilipo, ine mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe.

Lolemba ku ofesi yathu yotsatsa malonda kunabwera katswiri wa makompyuta atsopano otchedwa kwantamu. Akuti akadzakhwima azidzayesa njira zambirimbiri nthawi imodzi, n'kulosera chimene munthu adzagule mwiniwake asanachiganize. Ndinamufunsa kuti, "Nanga amayi anga, amene amapita kukagula sopo n'kubwera ndi ambulera?" Anzanga anaseka, koma iye anati, "Oterowo ndi amene tikufuna kuwamvetsa."

Masana abwana anandiitana. Andisankha kukaphunzira zimenezi kunja kwa zaka ziwiri. Ndinakavina ndekha kuseri kwa chitseko ngati mwana.

Amayi sindinawauzebe. Masiku ano akumaiwala ketulo pamoto, ndipo dzana anandiitana dzina lanu. Adokotala awo akuti ndipite tikakambirane za iwo, koma sindinapitebe.

Chipinda changa kuno kwa amayi chili ndi zenera lalikulu, dzuwa limalowa bwino m'mawa. Paja munkati nyumba yakukulirani chimwalirire bambo aang'ono. Sindikunena kanthu, ndangokumbukira.

Abwana akufuna yankho Lachisanu.

Ndine mwana wanu,
Wachisamba wa akulu anu