Misondodzi ya Abiba

9 Novembala
Abiba ali kuchipatala ku boma, akudwazika mayi. Mng'ono wanga, mwana wapamtima. Dimba la kumtsinje mayi anapatsa iye, ine wamkulu anandiponyera mchenga wa kumtunda. Lero ndadutsako. Mitengo ya misondodzi isanu ndi iwiri imene anabzala malemu mwamuna wake, nthambi zikukhudza madzi. Abiba amati mizu yake ndiyo yagwira gombe. Mthunzi, njuchi, chinyontho ngakhale dzuwa lonseli. Mtima wanga bii.

12 Novembala
Ndauza Hafiz, wowamba nsomba ku Makokola, kuti akadule misondodziyo ikhale nkhuni zake. Anakayika. "Eni ake akudziwa, mayi?" Ndati dimba ndi la kwathu, wamkulu ndine.

13 Novembala
Zitsa zokhazokha. Zisa za mbalame mbwee pansi, tiana tili kukamwa yasa. Nyerere zafika kale. Ndadya bwino lero.

28 Novembala
Mayi tinawaika dzana. Abiba wapita kudimba koyamba. Wabwera wopanda msozi. "Anthu alibe chisoni, achemwali." Ndavomereza, ndamupatsa madzi akumwa.

6 Januwale
Mvula masiku anayi. Gombe lagumuka, mtsinje wadya theka la dimba. Chimanga chofika m'chiuno chikupita ndi madzi ofiira. Abiba m'matope mpaka m'mawondo, kukoka mapesi ngati angabwerere. Ine kumtunda, pansi pa ambulera. Ana ake atatu adzadya chiyani? Si anga. Ine mayi ankanditcha chumba pamaso pa alendo, iye ali phee.

19 Januwale
Zitsa ziwiri zotsala zaphuka. Abiba wadula tinthambi, wabwera nato kwathu m'mawa. "Msondodzi suvuta, kungozika m'matope wagwira. Koma maso ake aloze kumwamba, mukazondotsa umauma. Ndithandizeni achemwali, ndatsala ndi inu nokha."
Tabzala mpaka dzuwa pamutu, iye kumtunda kwa gombe, ine kumunsi. Tanga tonse ndazika chozondoka.
Pomaliza wandigwira dzanja ndi manja onse awiri, matope okhaokha. "Allah akubwezereni monga mwandichitira."
Ndayankha kuti amina.

20 Januwale
Sindinapite kumsika. Mwana wake wamkazi wabweretsa nkhwani, akuti amayi ake ati ndiwiritse. Ndalandira.
Mawa akuti tikamalize mbali yatsalayo. Ndipita. Koma tinthambito ndikatigwira m'manja, kaya ndikatizondotsanso, kaya.