Kakompyuta ka kwathu kasiya kuzima

Lilongwe,
14 Seputembala

Okondedwa achimwene a Vitalis,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumudziko pamodzi ndi alamu anga? Kuno ndilipo, kungoti thupi latopa.

Ntchito ndi yomwe ija yoyang'anira mawebusaiti a bungwe lathu. Afika khumi ndi anayi tsopano, onse pa makompyuta athuathu. Pali pulogalamu imene imawaodira mphindi iliyonse, ndipo imodzi ikapanda kuyankha uthenga umagwa pa Watsapu yanga. Mwezi uno magetsi akuzimazima, ndiye foni imalira ndili m'minibasi, ndili pa kabaza. Lamulungu inalira pakati pa ulaliki. Abwana akuti ndisamaizimitse.

Koma chimene ndalembera ndi kakompyuta kaja ndinasiya pabalaza pa abambo ku Mbulumbuzi, kosunga tsamba la pa intaneti la kalabu ya alimi a nandolo. Nakonso pulogalamuyi imakaodira. Mukudziwa kuti batire ya sola ija ili ndi polumikizira pamodzi pokha. Tsiku lililonse ikakwana 12 koloko abambo amakazula n'kulumikiza wailesi kuti amve nkhani ndi mauthenga a maliro, 1 koloko n'kukabwezera. Kwa ine kunkabwera mauthenga awiri, woti kazima ndi woti kayaka. Chaka chathunthu ndinawadandaulira. Iwo ankangoti nandolo sathawa pa ola limodzi.

Lero ndi tsiku la 23 kasanazimepo. Komaliza kanazima pa 22 Ogasiti, zalembedwa m'pulogalamumo. Anzanga kuofesi ataona mzere wobiriwira wosaduka, wosonyeza kuti sikanazime, anandiyamikira. Ine nsima... ayi, ngakhale tiyi sanandilowe.

Ndinayamba ndafufuza zifukwa zina. Ndinafunsa alamu ngati wailesi inafa, anati ikulira bwinobwino. Ngati mwagula batire ina, anati ayi. Nditaimba Lachiwiri munati abambo ali kumunda, chikhalirecho nandolo munakolola kale. Lachisanu munati apita kwa a Nikodemo, anzawo a kukwaya aja. Mwana wa a Nikodemo timapemphera limodzi kuno, ndipo akuti bambo ake ali ku Limbe chiyambire Julaye.

Achimwene, munthu amene anatuluka pa phwando la ukwati wanu kukamvera nkhani za masana sangaleke yekha. Kaya agona moti sangathe kufika pabalaza, kaya m'nyumbamo mulibe. Njira yachitatu ndaisowa.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti akuletsani kundiuza ndi iwo, poopa kuti nditaya ntchito. Koma chifuwa chawo chija chinayamba Meyi, ndipo mu Juni ndinkachimva ndekha pa foni.

Ndinapempha tchuthi. Abwana akuti ndidikire mpaka apeze wondigwirira foni ya mauthengayi. Ndawauza kuti Loweruka ndikaisiya pa tebulo pawo n'kukwera basi. Mawebusaiti akazima amayakanso.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikakupezani mundiimbire, mundiuze kumene abambo ali. Ndikafika ku Limbe ndikufuna ndidziwe minibasi yokwera, ya ku Mbulumbuzi kapena ya kuchipatala pa Boma. Iwowo musawauze kuti ndikubwera, angadzuke n'kuvala jekete kuti andinamize.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Nchema ndi kwa amalume a Francisko. Moni wa abambo ndidzapereka ndekha.

Ndatha ine mlongo wanu,
Angella