Thobwa la Amayi mu Taipilaita

Achimwene a Jasiteni,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mulanje tili bwino, kupatula mwendo wa amayi uja.

Dzana anandiyendera ku ofesi ya esiteti atanyamula thobwa. Pondipatsira, chikho chinawapulumuka, lonse khuthu mu taipilaita! Zilembo zinamatirira, ine nkuona ntchito ikutha. Bwana asanabwere, tinatsuka ndi madzi ofunda ndi nthenga ya nkhuku, nkudonthezera mafuta a makina osokera.

Poyesa makinawo, amayi anati, “Tandionetsa podina dzina la mkulu wako.” Ndinawagwira chala.

Mukaona kuti pepala labooka pa dzina lanu pamwambapo, adina ndi iwo, amene sanagwirepo pensulo chibadwire. Chonde muwayankhe. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Laisoni