Atate Sanakwere Nafe Galimoto

Kapata, Chipata
9 Okutobala 1994

Okondedwa alongo anga a Dolika,

Muli bwanji kumeneko ku Chiparamba? Nanga amama, miyendo ija yaphwa? Ife kuno tili moyo. Mlamu wanu Yosefina mimba yakula moti polowa m'nyumba imayamba ndiyo kupereka moni, mwini wake akubwera pambuyo. Anesi a kuchipatala akuti ndi mwezi wamawa.

Tauni ikutisunga bwino. Madzi amatuluka pampopi, tsiku limene akondwa. Magetsi alipo, positi ili pafupi, kuchipatala timapita wapansi. Munthu akalawa zimenezi kumudzi amachedwa kubwerera, ndipo ndi nkhani yomweyi yandigwiritsa cholembera.

Mukukumbukira tsiku lija tinanyamula maliro a atate kuchipatala kuno. Amalume a Abednego anafuna kuti tiyambe talowa m'wodi, tiime pabedi pomwe atate anatsirizikira, tiwauze kuti tiyeni kwathu. Anatinso tiziima pamphambano iliyonse kuwauza njira, monga timachitira kwathu. Ine ndi satifiketi yanga ya kukoleji ndinati galimoto yahayala siidikira miyambo, njira dalaivala akuidziwa. Tinafika dzuwa lisanapendeke, ndipo ndinadzitama.

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza Yosefina kusikelo. Kalaliki wa makadi, mayi wachikulire dzina lake a Monika, ataona dzina lathu anandifunsa ngati pali ubale ndi a Tomasi Sakala a ku Chiparamba. Ndinati ndi atate anga. Anaseka, nati madala amenewo ndi aulemu koma ovuta. Lachiwiri lililonse amakhala oyamba pabenchi, chipewa pabondo, koma akaitanidwa salowa kwa dokotala. Amangoti akudikira ana awo adzawatenge.

Ndinawauza kuti atate tinawaika mu Juni. Kuseka kunathera pomwepo. Anangoloza ndi cholembera kumapeto kwa benchi.

Alongo, anali masana, dzuwa lili paliwombo. Anthu anali atapanikizana, ena ataima, koma kumapeto kuja kunali malo a munthu mmodzi. Palibe anakhalapo. Mayi wina wobereka mwana anafika pomwepo, nanyonyomala kupereka ulemu, napitirira kukatsamira khoma.

Ine sindinaone kanthu. Ndinangomva fungo la fodya uja atate ankakulunga m'nyuzipepala. Ndinadzilimbitsa mtima kuti madala a zipewa ndi ambiri, osuta fodya ndiye osawerengeka.

Kenaka a Monika anayang'ana mimba ya Yosefina, nanena zimene madalawo anawauza sabata yatha. Akuti ana akachedwa palibe kanthu, poti mwezi wamawa kukubwera mdzukulu, ndiye adzakhala nawo pabenchipo. Inu mukudziwa kuti atate anapita tisanawauze za mimbayi.

Yosefina anamva zonse. Tsopano walumbira kuti pachipatala paja sakapondanso, adzachilira m'nyumba muno. Koma anesi anatichenjeza kale kuti mwana wagona mopingasa, kuchilira kunyumba ndi kuika moyo wa anthu awiri pachiswe. Ndamuwerengera zonse za m'mabuku anga. Iye wangondifunsa ngati mabukuwo ndiwo anaima pamphambano.

Ndinapitanso kwa abambo a kuparishi. Anavomera kupereka Misa, koma pondiperekeza pakhomo anawonjeza motsitsa mawu kuti Misa siletsa munthu kukatenga atate ake.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amalume a Abednego, muwagwadire m'malo mwanga, afike kuno Lolemba pa 24, kuti Lachiwiri m'mawa tikawapeze atate ali pamzere. Abwere ndi chilichonse chimene mwambo ukufuna. Galimoto yahayala ayi. Tidzapalasa njinga, ndipo pamphambano iliyonse ndidzatsika ine, ndidzanena njira ndi pakamwa panga, ngakhale ana amene ndimawaphunzitsa akuonerera. Amalume andiseke mmene angafunire. Paja mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo awa agonera miyezi inayi pabenchi.

Tsikulo musese m'nyumba ya atate, chitseko muchisiye chotsekula.

Mundiperekere moni kwa amama, koma kalatayi muwawerengere mpaka pa madzi a pampopi basi. Moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Lenia, ndi kwa ana onse. Yosefina akupereka moni, ngakhale ine sakundilankhula.

Mkuja ndipita ndekha kuchipatala kukawapepesa atate ndi kuwapempha adikireko milungu iwiri. A Monika akuti ndikakhale chakumanzere, poti khutu lakumanja madalawo samva bwino. Za khutu limenelo ine sindinawauze.

Ndine mlongo wanu wophunzira uja,
Emmanuel