Nkhupakupa za M'magazi

Tsangano, Ntcheu
14 Epulo 1958

Okondedwa mphwanga Fabiano,

Mapiritsi amene munatumiza kuchokera ku Joni afika. Zikomo, koma musatumizenso.

Mwezi watha kapamba anatupanso, nkhama zikuchucha magazi, ndiye ndinapita kwa dokotala wa ku Blantyre uja, amene nthenda yanga amaitcha lukemiya, dzina ngati la namwali wa ku Chipwitikizi. Atasuzumira magazi anga m'makina ake anasuzumiranso kachiwiri. Ndinamufunsa ngati waonamo ng'ona. Anati timbewu toyera ta m'magazi taswananso mopanda mwambo. Mapiritsi anapha tambiri, n'chifukwa chake zaka ziwirizi ndimalima ngati mnyamata. Koma panali towerengeka tosamva mankhwala. Timeneto tabereka ana otengera makolo, ndipo tsopano tadzaza mudzi.

Ndinamuuza kuti sukulu imeneyo ndinaimaliza kale. Mukukumbukira pa famu ya Mbunu uja, ndikusambitsa ng'ombe m'dipi? Chaka choyamba nkhupakupa zinkayoyoka ngati mawere. Chaka chachisanu zinkatuluka zitangoyera bwino, kutsala pang'ono kupempha sopo. Mbunu atawonjezera mankhwala zimene zinafa ndi ng'ombe, nkhupakupa zili gwa. Ndinafunsa dokotala ngati nayenso awonjezera. Sanaseke. Anati ayi, pa chifukwa chomwecho. Za masiku, anati kachewere wa chaka chino ndikumba, koma wodzala wina apezeke.

Alamu anu a Zelesi sakudziwa. Ndinawauza kuti dokotala wandiletsa kukalipiridwa basi. M'mawa uliwonse amandipatsa piritsi n'kuima pomwepo mpaka ndimeze, ndiye ndimameza. Lamulungu lapitali ndinayesa kuwauza. Anati, "Zaka makumi anayi mumafa nthawi yopalira yokhayokha, chaka chino mwachedwa." Atatero anandipatsa khasu. Sindiwada, ndinawaphunzitsa ndekha. Nkhani imeneyi ikufuna munthu wosaseka, ndipo m'banja mwathu munthu wotero ndinu nokha.

Ndamva kuti mukufuna kudinda chala pa joini ina, pangano latsopano la ntchito yanu ya ku chipatala cha pa mgodi. Musadinde. Odwala akumeneko apeza wina wowakwiyira. Fikani Juni asanathe.

Kuno mvula yakata, chisanu chayamba. Ng'ombe yanu yamawanga yaswa thole lofanana nanu pamphumi. Moni kwa anyamata onse a kwathu. A Zelesi akuti moni, akutinso mundigulire jekete yodzavala pa ukwati wa mwana wathu Edna mu Disembala. Gulani ya msinkhu wanu.

Ndine mkulu wanu,
Paison