Supuni Imodzi ya Phala la Mpunga

Lachisanu, mwezi wa Juni. Lero kunali mphepo tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Amuna anga, bambo a Asiyatu, anafika dzulo kuchokera ku Joni patatha zaka zisanu. Lero masana, iwo ali ku mzikiti, ndinaganiza zowaphikira phala la mpunga lotsekemera, limene ankalikonda titangokwatirana kumene. Ndinaviika mpunga wa kilombero, kenako n'kuuphika ndi mkaka pamoto wochepa. Ndinatakasa mpaka mkono kuwawa, kuopa kuti lingapserere. Shuga ndinathira wambiri, monga ankafunira kale.

Atabwera ananunkhiza mbale ija n'kumwetulira. Analawa supuni imodzi yokha, basi n'kuiika pansi.

"Kodi silinakome?" ndinafunsa.

"Lakoma zedi, mayi a Asiyatu. Koma adokotala anandipeza ndi matenda a shuga. Chaka chino n'chachitatu."

Chaka chachitatu! Chikhalirecho tinkalankhulana pafoni sabata iliyonse. Ankafunsa za mbuzi, za denga lodontha, za sukulu ya mwana. Za matendawa sanatchulepo. Akuti sankafuna kuti ndizidandaula ndili ndekha kuno.

Sindinakalipe. Ndinawapangira tiyi wopanda shuga, phala lija n'kukagawira apongozi ndi anzanga apafupi. Onse analiyamikira.

Koma ndikuganizabe. Ine ndinaphikira munthu amene anachoka uja, pamene wabwerayu sindinamudziwe bwino. Mawa ndiwafunsa zimene amadya masiku ano. Ndiyambire pamenepo, chifukwa zinazo sindikudziwa kuti ndizifunsa bwanji...