Mkazi mnzanga ndi dziko

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Govanhill tilipo, chimfine chokha.

Lamulungu m'mawa ndinawamva bambo a Chisomo pafoni akuti, "Airani sagonja. Adani amuzinga, koma amadziwa kusankha abwenzi." Mtima unandiwawa, poti kukwaya kwathu kuli Airini wina woyenda monyang'wa. Kutchalitchi sindinamuyankhe moni.

Nditawafunsa kunyumba, anaseka mpaka misozi. "Mayi, ndimanena dziko la Airani! Maphunziro angawa ndi a chitetezo chake ndi ubale wake ndi mayiko ena."

Ine sindinaseke. Podzuka nkhani ndi Airani, pachakudya Airani. Tsitsi ndinakalukitsa ku Partick, mpaka lero sanalione.

Chonde auzeni ankhoswe, munditumizirenso chitenje chowala. Bola akanakhala Airini, ndikanakamukalipira pakhomo pake. Nanga dziko ndikaligogodera kuti?

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Nachisale